Nyimbo ya Achimwene Sinali pa Khumi Zija

Dzina la mzungu amene anapeka nyimboyo sindilemba pano. Lilime langa limalipotoza, ndipo ndasekedwa nalo kokwanira. Ingodziwani kuti anali wa ku Ulaya, anafa kalekale, ndipo nkhope yake ndinaipukuta fumbi zaka zambiri, chifukwa kachifanizo kake kamwala kankakhala pamwamba pa piyano m'nyumba imene ndinkagwiramo ntchito ku Bedfordview, ku Joni. Anali munthu wa tsinya. Lolemba lililonse ndinkamugwira pakhosi ndi kansalu konyowa, osadziwa kuti ameneyu adzandiliza.

Ntchitoyo anandipezera ndi achimwene anga. Tonse awiri tinabadwira ku Zimbabwe, pa komboni ya mgodi, kwa bambo a ku Ntcheu amene anachoka kwawo ali wamng'ono ndipo sanabwerereko. Zinthu zitavuta kumeneko, achimwene anatsogola kubwera ku Joni, ine ndinawatsatira pambuyo. Iwo ankasamala gadeni ya mzungu wina wokalamba amene mkazi wake anali atamwalira, ndipo atamva kuti m'nyumba mukufunika munthu anandikokera momwemo. Ine ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa garaja. Achimwene ankakhala mu mkhukhu wawo, kachisakasa kamalata, kukomboni yotchedwa Ramaphosa, n'kumabwera Lachiwiri ndi Lachinayi.

Mzunguyo tinkangowatchula kuti amadala. Moyo wawo wonse anaphunzitsa ana a eni piyano, koma pa nthawi yanga zala zawo zinali zitayamba kuuma, ndiye ankangokhala pampando n'kumamvetsera zimbale. Zimbalezo zinadzaza khoma lonse la pabalaza, kuyambira pansi mpaka pamene ine sindikanafika popanda kukwera pampando. Anali munthu wabwino mtima koma wovuta koopsa. M'nyumba monse ndinkaloledwa kugwira chilichonse, ngakhale mano awo oikirira amene ankagona m'kapu, koma zimbale ayi. Tsiku limene ndinasuntha chimodzi kuti ndipukute pansi pake anakalipa mpaka galu wa nyumba yoyandikana anayamba kuuwa. Kuyambira pamenepo khomalo ndinkalilambalala.

Kunena zoona, nyimbo zawozo zinkanditopetsa. Ndinkadikira kuti woimba ayamba liti, chimbale mpaka kutha osamva munthu atatsegula pakamwa. Mumtima ndinkati anthu awa ali bwanji, kuchuna zing'wenyeng'wenye ola lathunthu osayamba nyimbo yeniyeni. Achimwene ndiwo anali ndi khutu la mtundu wina.

Lachinayi lina m'mawa iwo ankazula udzu pansi pa zenera la pabalaza, amadala ataika nyimbo ya piyano yokhayokha, yoyenda pang'onopang'ono. Ine ndinali kukhitchini ndipo ndinaona achimwene atasiya kuzula. Anagwada pomwepo, manja ali lende, mpaka nyimbo inatha. Kenako anadzuka n'kugogoda pazenera ndi chala chamatope, zenera limene ndinali nditangolipukuta kumene, n'kufunsa m'Chingerezi chawo chothyokathyoka kuti imeneyi ndi chiyani. Amadala anayankha ndi liwu limodzi. Achimwene analibwereza kawiri, amadala n'kugwedeza mutu kuvomera.

Anabwera kukhomo la khitchini akulinong'ona liwulo kuti lisawathawe.

"Mlongo, wamva? Ndiye dzina lake limenelo. Undisungire m'mutu mwako, langa limataya zinthu."

"Mwandidetsera zenera chifukwa cha zimenezo?"

"Iwe, makutu ako anakupatsa ndi okolekapo ndolo basi. Sunamve dzanja lamanzere? Kumwambaku munthu akudandaula, mara pansipa wina akungoyenda, osathamanga, osaima. Eish, ngati bambo akuchokera kumgodi."

Sindinamve chilichonse chotero, ndipo ndinawauza kuti abwerere ku udzu wawo. Koma liwulo ndinalisunga monga anandipemphera. Tonse awiri tinali otsimikiza kuti limenelo ndi dzina la nyimboyo, chifukwa munthu ukafunsa kuti imeneyi ndi chiyani, amakuuza dzina la chinthu chimene ukulozacho.

Achimwene sankatha kusiya nyimbo ili maliseche. Sabata isanathe anali ataiveka mawu, ndipo ankaiimba akukankha makina odulira kapinga: "Kapinga ngwa eni, madzi nga eni, msana wokha ndi wanga." Mawu ake anali omwewo basi, obwerezabwereza, koma ankalowa bwinobwino ngati kuti mzungu wa tsinya uja anawasiyira malo dala. Amadala atafunsa tanthauzo lake ndinawanamiza kuti ndi nyimbo yoyamikira maluwa.

Chinakhala chizolowezi. Lachinayi lililonse achimwene ankagogoda pazenera n'kutchula liwu lija, amadala n'kuseka, kudzuka, kupita kukhoma, kusolola chimbale n'kudinadina mabatani mpaka nyimboyo italira. Ndikukumbukira tsiku lina anayesa kutifotokozera chinachake. Anatchula liwulo akuloza mashelefu awiri athunthu, akutambasula dzanja uku ndi uku. Ife tinayang'anana n'kugwedeza mitu mwaulemu, kuganiza kuti nkhalamba ikudzitama ndi kuchuluka kwa katundu wake. Iwo anaona kuti sitikumva, anangotaya dzanja n'kuisiya nkhaniyo.

Kenako kunabwera chisanu cha 2008. Zimene zinachitika ku Ramaphosa aliyense amene anali kuno akuzidziwa, ndipo sindikufuna kuzikumba zonse. Ine ndinapulumuka chifukwa chogona kuseri kwa garaja ya mzungu. Achimwene, anthu osaka obwera ochokera kunja anawapeza masana, dzuwa likuswa mtengo, atanyamula ndowa ya madzi. Anawafunsa dzina la chigongono m'Chizulu, kuti aone ngati ndi obwera. Iwo ankalankhula Chizulu chogulira buledi ndi chokwerera tekisi, chigongono sanachigulepo. Anawamenya ndi chitsulo kuseri kwa khutu, mkhukhu wawo n'kuugwetsa, malata ake anthu n'kugawana.

Ndinawapeza patatha masiku atatu kumatenti kumene anthu anathawira, mutu utakulungidwa ndi malaya a munthu wina. Amadala anati ndiwabweretse kunyumba agone m'garaja, koma achimwene anakana. Kunali mabasi otengera anthu kwawo, ndipo iwo analembetsa ya ku Malawi. Ndinawakalipira pamaso pa anthu.

"Mukupita kwa yani? Munakafikako liti ku Ntcheu inu? Ngakhale njira simukuidziwa!"

"Ku Zimbabwe kulibe chakudya, kuno kulibe mutu wanga. Ndikaone kwa bambo. Mwina kumeneko sakandifunsa chigongono."

Sanawafunse chigongono, zoonadi, koma anawaseka Chichewa chawo chosakaniza ndi Chishona ndi Chizulu, ndipo anawatcha mjoni wobwera chimanjamanja. Anawalandira ndi msuweni wathu wina wamkazi amene sitinkamudziwa n'komwe, mayi wachifundo amene anali ndi kafoni kakang'ono. Mutu sunapole. Unkawagwira mwadzidzidzi n'kuwagwetsa pansi, ndipo diso la mbali imene anamenyedwayo linayamba kuchita mdima.

Tsiku loyamba limene ndinawaimbira foni, anandifunsa za maluwa a amadala, kenako anati:

"Mlongo, Lachinayi undiimbire."

"Ndikuimbirani, si ndaimba lero?"

"Ayi, undiimbire ija."

Kwathu kuimba ndi kumodzi. Foni timaimba, nyimbo timaimba, piyano nayonso amaimba. Achimwene ankatanthauza zonsezo nthawi imodzi. Ndinakawafotokozera amadala ndili ndi manyazi, ndikuyembekezera kukalipiridwa, koma iwo anandiuza kuti ndizigwiritsa ntchito foni ya m'nyumba. Choncho Lachinayi lililonse m'mawa ndinkaimba ku Ntcheu, n'kuima pakhomo la pabalaza, kutchula liwu lija. Amadala ankapita kukhoma, ine n'kusendeza foni pafupi ndi sipika. Nyimbo ikatha ndinkabweza foniyo kukhutu, n'kumva achimwene akumaliza kutsidyako ndi mawu awo osasa, msana wokha ndi wanga. Tinachita zimenezi zaka zinayi.

Zaka zinayi, ndipo sindinayang'anepo chimbalecho. Ndinkadziwa kuti chikutiro chake chinali chachikasu, basi. Ndinali ndi foni yangayanga yotha kujambula mawu, ndipo sindinaganizepo zojambula. Anthu akandifunsa chifukwa chake ndimakwiya, chifukwa funso limenelo ndadzifunsa ndekha koposa iwo. Chinthu chimene chimalira m'nyumba sabata iliyonse suchiganizira kuti chingathe. Ndinali ndi dzina lake m'mutu, ndiye ndinkaona ngati ndili nacho chonse.

Amadala anagwa m'bafa m'mawa wina, ndipo ndine ndinawapeza. Anali atachita sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, pakamwa panapotoka, mawu n'kutheratu. Atatuluka m'chipatala sanabwerere kunyumba, anawapititsa kumalo osungirako okalamba. Mwezi womwewo msuweni uja anandiuza kuti achimwene sakudzukanso pamphasa, diso linalo nalo layamba kuzima, ndipo akungofunsa kuti lero ndi lachingati. Lachinayi linadutsa kawiri popanda nyimbo. Lachinayi lotsatira ndinawauza pafoni kuti ndiwaimbire ndekha ndi pakamwa.

"Iwe? Mawu ako aja ngati geti la dzimbiri?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Ya kumwambayo ndili nayo, mlongo, ndimaiimba ndekha. Ndikufuna pansi paja, pamene dzanja lamanzere limayenda. Pakamwa sipangaimbe ziwiri nthawi imodzi."

Ndinawalonjeza kuti ndiwapezera. Sindinkaona chovuta, chimbale chinali pakhoma pomwepo, ndipo wokalipa uja kunalibe. Ndinangodikira mwana wa amadala, amene ankabwera kuchokera kunja kudzatseka nyumba, chifukwa ngakhale eni ake kunalibe manja anga ankaopabe khomalo.

Mwanayo anali bambo wa imvi zake, waulemu, wothamanga ndi chilichonse. Anali ndi sabata imodzi yokha yoti agulitse, apereke ndi kutaya moyo wonse wa bambo ake. Anandiuza kuti zimbale zonse zikupita kwa munthu wina wogula zakale, galimoto ibwera Loweruka, ndipo ngati pali chimene ndikufuna m'nyumbamo nditenge. Ankayembekezera kuti nditchula firiji. Ine ndinati ndikufuna chimbale chimodzi chokha, ndipo ndinatchula liwu lija bwinobwino monga ndinalisungira.

Anandiuza kuti ndibwereze. Nditabwereza anamwetulira, analitchula m'njira yake yolondola, n'kundifunsa kuti iti.

"Imeneyo," ndinatero.

"Inde, koma iti yake?"

Sindinamve funsolo. Anandigwira pamkono, kunditengera kukhoma, n'kuyendetsa chala pa shelefu yonse, kenako pa yachiwiri yonse. Anapita pa piyano n'kugogoda mutu wa kachifanizo kaja. Liwulo linali dzina la munthu ameneyo. Zimbale zonse za m'mashelefu awiriwo zinali zake, ndipo chilichonse chinali ndi nyimbo zingapo m'kati. Zambiri mwa izo zinali ndi zikutiro zachikasu.

Ndinakhala pansi pakapeti. Ndinakumbukira amadala akutambasula dzanja tsiku lija, ife tikugwedeza mitu ngati nkhuku. Zaka zonsezi tinkapempha nyimbo potchula dzina la mwini wake, ndipo amadala ankadziwa imene tikufuna chifukwa chotidziwa ife, osati chifukwa cha liwulo. Dzina lenileni la nyimboyo linali m'mutu mwa munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo pakamwa pake panali patatsekeka.

Mwanayo anati ndiiimbe, mwina aizindikira. Ndinaima pakati pa makatoni n'kuimba momwe ndinkaidziwira, ndi kapinga wake ndi msana wake, chifukwa popanda mawuwo sindinkatha kuigwira. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati ndi yokoma kwambiri, n'kufunsa ngati ndi nyimbo ya kutchalitchi kwathu. Iye piyano anaithawa ali mwana, anatero, ndipo bambo ake sanamukhululukire.

Anandilola kuti ndifufuze ndekha masiku awiri amene anatsala. Ndinasolola zachikasu zonse n'kuziunjika pansi. Mayina ake anali manambala ndi mawu achilendo amene sanandiuze kanthu. Ndinkaika chimbale, kumvera poyambira, kudina, kumvera poyambira pena, kudinanso. Zina zinali za gulu lonse la zoimbira, zimenezo ndinkaziponya pambali. Za piyano yokha zinalipo zambirimbiri, ndipo pofika madzulo a tsiku loyamba zonse zinkamveka zofanana, makutu atatupa. Kawiri ndinati ndi iyi, koma mawu a achimwene ankakana kulowamo. Sindikudziwa ngati ndinaidumpha chifukwa chothamanga, kapena inali m'chimbale chimene sindinafikepo, kapena chikutirocho sichinali chachikasu n'komwe. Loweruka m'mawa galimoto inabwera ndisanafike ngakhale pa theka.

Mwanayo anandimvera chisoni, ndipo chisoni chakecho ndicho chimandipsetsa mtima mpaka lero, ngakhale sanalakwe kanthu. Anatsegula kompyuta yake n'kupeza mndandanda wa nyimbo khumi zopambana zonse za mzungu uja, zosankhidwa ndi akatswiri. Anandikoperera zonse khumi pa chimbale chimodzi, n'kulemba manambala ndi mayina ake papepala. Anati nyimbo imene munthu wamba angaikonde chonchi iyenera kukhala imodzi mwa zotchukazo, sizingalephere.

Akatswiriwo ndikanakonda kuwaona nkhope. Anakhala kuti posankha? Anayeza ndi chiyani kuti iyi ndi yoyamba, iyi ndi yachisanu, izi mazanamazana zikhale panja? Ndikukhulupirira kuti ndi anthu ophunzira, ndipo zimene anasankha ndi zabwino, sindikutsutsa. Koma palibe mmodzi wa iwo anagwadapo pansi pa zenera ndi udzu m'manja. Ndinamvera khumi zonsezo tsiku lomwelo m'kachipinda kanga, ndikulongedza katundu wanga. Zinayi zinali za piyano. Zina ndinkazidziwa, ndinazimvapo m'mafoni a anthu ndi m'masitolo. Ya achimwene panalibe.

Ndinasamukira kukomboni ya KwaThema, m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa kutchalitchi kwathu. Lolemba lake ndinakwera matekisi awiri kupita kukaona amadala. Ndinawapeza atawakhazika pampando wamatayala moyang'ana khoma lopanda kanthu, bulangeti lili pamiyendo. Anandizindikira, diso limodzi linagwetsa msozi. Ndinagwada pambali pawo, kuwapukuta pakamwa, n'kuwauza zonse, kuti achimwene akumwalira, kuti zimbale zapita, kuti ndinali chitsiru. Kenako ndinaika pakamwa panga pafupi ndi khutu lawo n'kuimba.

Dzanja lawo lamanzere, lamoyo lija, linayamba kuyenda pabulangeti. Zala zouma zija zinkaponda chimodzichimodzi, osathamanga, osaima, ndendende zimene achimwene ankanena, zimene ine sindinazimvepo ndi makutu. Tsiku limenelo ndinaziona ndi maso. Ndinaimba kawiri, ndipo kawiri konse dzanjalo linayenda nane mpaka kumapeto.

"Dzina lake, amadala. Chonde, dzina lake lokha."

Anatsegula pakamwa. Khosi linatupa mitsempha, nkhope inafiira, ndipo chimene chinatuluka ndi kubuula kokha. Ndinawapatsa cholembera m'dzanja lamanzere, chinakanda mizere iwiri yokhota n'kugwa pansi. Ndinatulutsa pepala la khumi zija n'kuwasonyeza, ndikuloza imodziimodzi, kuti mwina makutu anga ndi amene akundinamiza. Anayang'ana pepalalo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kenako analikwapula ndi kuseri kwa dzanja, linauluka n'kukagwera pansi pa bedi. Ukali wawo unali udakalipo. Ndinatola pepalalo, kuwakonzera bulangeti, n'kutuluka ndikulira mokweza m'khonde, anamwino akundiyang'ana.

Lachinayi linafika. Ndikanatha kuwauza achimwene zoona. Ndinaganiza zimenezo m'mawa wonse, koma msuweni uja atayankha foni anati kuyambira dzulo sakudya, akungofunsa ngati mlongo wawo waimba. Ndinabwereka wailesi ya zimbale kwa mayi mwini nyumba, ndinaiika pampando panja pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, n'kuwauza achimwene kuti zimbale zasokonekera posamuka, ndiye ndiziika imodziimodzi iwo andiuze. Ndinkayembekezera chiyani, sindikudziwa. Mwina ndinkafuna kuti anene ndi iwo, ine ndisanene.

Ndinaika yoyamba, ya gulu lonse, yaphokoso.

"Ayi. Imeneyo ndi ya nkhondo."

Yachiwiri.

"Ayi, mlongo."

Yachitatu inali ya piyano, ndipo anaimvera nthawi yaitali asanakane. Mawu awo ankachepa nyimbo iliyonse. Pa yachisanu ndinangomva kupuma kwawo ndi nkhuku za ku Ntcheu kumbuyo. Pa yachisanu ndi chimodzi anandifunsa kuti zatsala zingati, ndipo ndinati zinayi. Ndikuganiza kuti anamva m'mawu anga kuti ija palibe, chifukwa achimwene ankandidziwa kuyambira ndili kumsana kwa amayi.

Ndinaika nambala seveni. Inali ya piyano, yoyenda pang'onopang'ono, yokoma ndithu, koma sinali ija ngakhale pang'ono. Inangolira pang'ono iwo n'kulankhula.

"Ndi imeneyo."

Ndinatseka maso.

"Ndi imeneyo, mlongo. Waipeza. Sho."

"Eya, achimwene. Ndi imeneyo."

Ndinagwira foni pa sipika mpaka nyimboyo inatha. Nditaibweza kukhutu ndinadikira, monga ndinkadikirira zaka zinayi zonse zija, kuti ndimve kapinga ngwa eni. Sanaimbe. Anangoti ndikawathokoze amadala, ndiponso ndisamadzivutitse, ndagwira ntchito. Munthu anali pamphasa akufa, wakhungu, m'mudzi wa anthu omuseka, ndipo mphamvu yake yomaliza anaithera pondinamiza ine kuti ndisadzimve wolephera. Ine ndinalandira bodzalo ndi manja awiri. Zimenezi sindinadzikhululukire, ndipo sindikuona kuti ndidzatero.

Anamwalira Lachinayi lotsatira lisanafike. Kumaliro sindinapite, mapepala anga sakanandilola kubwerera. Amadala anakhala chaka china n'kutsatira, ndipo pamwambo wawo mwana uja anaika imodzi mwa khumi zomwezija.

Ndikadali ku KwaThema. Ndimagulitsa zovala zakaunjika pafupi ndi pokwerera matekisi, ndipo masiku ena ndimachapira anthu. Zaka zoyambirira ndinkafufuzabe. Ndinaimbirapo mphunzitsi wa kwaya, ndinaimbirapo munthu wa m'sitolo ya zimbale amene anaitana anzake kuti adzamve, ndinaimbiranso foni ya mayi wina imene amati imazindikira nyimbo iliyonse, ndipo inandipatsa nyimbo ya chikondi ya dziko lina. Ndinamvera nyimbo za mzungu uja zosawerengeka. Pena ndimaganiza kuti mwina ndinaimva kale n'kuidutsa, chifukwa chimene ndinasunga m'mutu ndi momwe achimwene ankaiimbira kumbuyo kwa makina a kapinga, ndipo iwonso mwina anali ataipinda kuti mawu alowe.

Chimbale chija ndinachisunga. Lachinayi lililonse m'mawa ndinkaika nambala seveni. Sindinkaikonda, ndinkadana nayo, koma ndiyo nyimbo yomaliza imene tinamvera limodzi, ndipo ndinalibe china choika. Ndinkadziuza kuti sizikuvuta, popeza yeniyeniyo ili m'mutu mwanga, yotetezeka, ndi mawu ake.

Mwezi watha ndinkachapa mabulangeti a munthu kuseri kwa nyumba, ndipo ndinadzimva ndikuimba osaganizira. Kapinga ngwa eni, madzi nga eni. Mawu onse analowa bwinobwino popanda kupunthwa paliponse. Ndinafika pa msana n'kuima, manja ali thovu lokhalokha, chifukwa nyimbo imene ndinkaimbayo inali nambala seveni. Ndinayambiranso, inatuluka yomweyo. Ndinatseka makutu, kuyesa kukumbukira zenera lija, achimwene atagwada, dzanja la amadala likuyenda pabulangeti, kuti mwina ndigwire poyambira pake pokha. Ndinavundikira ndowa n'kukhalapo, ndikudikira, mpaka madzi a m'beseni anazizira. Sinabwere.